Huanyang HY02D223B: kabokosi koyendetsera mota ya three phase pa magetsi a 230 V

Makina ambiri akale amene amafika kuno kuchokera ku South Africa kapena ku Britain, monga lathe, makina obowolera zitsulo ndi opalira matabwa, amabwera ndi mota ya three phase. Koma malo ambiri ogwirira ntchito ali ndi single phase ya 230 V basi, ndipo kulowetsa three phase pamalo si nkhani ya ndalama zochepa. Huanyang HY02D223B ndi VFD (variable frequency drive, kabokosi kosinthira liwiro la mota) ya ku China ya 2.2 kW. Imalandira 230 V ya single phase n'kutulutsa three phase, ndipo pomwepo mumatha kusintha liwiro la mota mmene mukufunira. Ndi chida chabwino pa mtengo wake, koma kwa munthu yekhayo amene mota yake ndi yoyenera ndipo ali wokonzeka kukhala pansi ola lathunthu n'kuikamo manambala olondola. Ambiri amene amadandaula kuti inapsa sabata yoyamba amakhala atalumpha chimodzi mwa ziwirizi.

Mmene imasinthira liwiro

Liwiro la mota ya three phase silidalira mavolti. Limadalira frequency ya magetsi (maulendo amene AC imasinthasintha pa sekondi, oyezedwa mu Hz) ndi chiwerengero cha ma pole, nsonga za maginito a m'motamo. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz. Mukachulukitsa 50 ndi 120 n'kugawa ndi ma pole 4 mumapeza kuti mota imazungulira ka 1500 pa mphindi, ndipo mota ikanyamula katundu imatsalira pang'ono, n'chifukwa chake pa kachikwangwani kake pamalembedwa 1420 kapena 1440. Ya ma pole 2 imazungulira cha m'ma 2850. Wofuna kuti mota ya ma pole 4 izungulire 750 ayenera kuipatsa 25 Hz, ndipo pa khoma palibe soketi yotulutsa 25 Hz. VFD imapanga yokha.

Mkati mwake magetsi amadutsa magawo atatu. Ma diode amasandutsa AC kukhala DC. Makapasita akuluakulu amasunga DC imeneyi pa mavolti pafupifupi 325, poti nsonga ya 230 V ya AC ndi 230 kuchulukitsa ndi 1.41. Makapasitawa ali ngati thanki ya madzi: magetsi a single phase amalowa modukizadukiza, koma potuluka amatuluka mosalekeza. Kenako pali maswichi amagetsi 6 otchedwa ma IGBT, awiri pa waya uliwonse mwa mawaya atatu opita ku mota (U, V ndi W), amene amatsegula ndi kutseka maulendo masauzande pa sekondi. Kakompyuta ka m'katimo kamasintha kutalika kwa kutsegula kulikonse, ndipo mawaya okulungidwa a m'mota amasalaza tizidutswato mpaka ma amp ayende ngati a three phase yeniyeni. Kulira kwa "tswiii" kumene mumamva pa mota ndi kutsegula ndi kutsekaku.

Chinthu chimodzi chimene chiyenera kumveka bwino ndi chakuti mavolti amatsika limodzi ndi frequency. Pa 50 Hz mota imalandira 230 V, pa 25 Hz imalandira pafupifupi 115 V. Mukanaipatsa 230 V yonse pa 25 Hz, chitsulo cha m'mota chikanadzaza maginito mopitirira, ma amp n'kukwera, mota n'kupsa. Chifukwa cha kuyendera limodzi kumeneku, mphamvu yokoka imakhala pafupifupi yofanana kuyambira liwiro lotsika mpaka 50 Hz. Kupitirira 50 Hz mavolti alibenso pokwera, choncho mota imathamanga koma ikufooka: pa 100 Hz imakoka ndi theka la mphamvu yake, mwinanso kucheperapo.

Apa m'pofunika kusiyanitsa VFD ndi timabokosi totchipa tolembedwa 4000W tokhala ndi kopotokola kamodzi, timene ogulitsa ena amatitchanso zochepetsera liwiro la mota. M'kati mwa timeneti muli swichi yamagetsi yotchedwa triac imene imadula chidutswa cha magetsi pa kuzungulira kulikonse. Mavolti amatsika koma frequency imakhalabe 50 Hz. Pa grinder kapena dirilo ya m'manja, zokhala ndi ma brush a kaboni, timagwiradi ntchito. Pa mota ya induction, yopanda ma brush monga ya three phase, ayi. Mphamvu yokoka ya mota yotere imatsika mofulumira kuposa mavolti: mukatsitsa mavolti ndi theka, imatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mota imang'ung'uza, imakoka ma amp ambiri, imatentha, kenako mumamva fungo la vanishi wopsa.

Musanagule, werengani kachikwangwani ka mota

Kabokosi aka sikakweza mavolti. Kakalandira 230 V kamatulutsa three phase ya 230 V, osati 400 V. Ndiye mota yanu iyenera kukhala yolembedwa 230/400 V, kapena 220/380 V pa zakale, ndi zizindikiro za delta ndi star. Tsegulani kabokosi ka mawaya pa motayo. Mupeza mabawuti 6 m'mizere iwiri: U1, V1, W1 mzere wina, W2, U2, V2 mzere winawo. Ngati timalata titatu talumikiza W2, U2 ndi V2 mopingasa, mota ili pa star, yokonzekera 400 V. Tichotseni n'kutiika choimirira: U1 ndi W2, V1 ndi U2, W1 ndi V2. Imeneyo ndi delta, ndipo mota tsopano ndi ya 230 V.

Mukaiwala zimenezi mota idzazungulirabe, n'chifukwa chake cholakwikachi chimabisala. Koma mukangoika chitsulo pa lathe n'kuyamba kusema, imaima, poti pa star ikulandira mavolti osakwana ndipo mphamvu yake yatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Mota yolembedwa 400/690 V siyenerana ndi VFD iyi. Delta yake ndi 400 V kale. Zina zakale zimatulutsa mawaya atatu okha, mfundo ya star itabisika m'kati. Mmisiri wokulunga mota angathe kuitsegula n'kutulutsa mawaya atatu otsalawo, koma werengerani mtengo wa ntchitoyo musanaitanitse bokosi.

Mota ya single phase, ija yokhala ndi kapasita kunja kwake, musailumikize n'komwe. Zambiri zili ndi swichi m'kati imene imachotsa mawaya oyambira mota ikafika pafupi ndi liwiro lake. Mukachepetsa liwiro swichiyo imatsekanso, ndipo mawaya oyambirawo, omwe anapangidwira masekondi ochepa, amapsa.

Posankha kukula kwa VFD yang'anani ma amp, osati ma kW okha. Mota ya 2.2 kW ya ma pole 4 imakoka pafupifupi 5 A pa 400 V, koma pa delta ya 230 V imakoka pakati pa 8 ndi 9 A. Nambala yachiwiriyi ndi imene ikukhudzani. Bokosi ili limatulutsa ma amp opitirira pang'ono pamenepo, choncho pa mota ya 2.2 kW yogwira ntchito yolemetsa tsiku lonse mpata ndi wochepa. Pa mota ya 1.5 kW limapuma bwino, ndipo apo ndi pamene ndingalilangize kwambiri. Za chigayo tisatayepo nthawi: mota za zigayo zimakhala zazikulu kwambiri, kutali ndi kabokosi aka.

Kulumikiza

Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 A, ndipo sikwanira. VFD ya single phase imakoka magetsi modumphadumpha pa nsonga za AC zokha, kotero kuti ya 2.2 kW ikanyamula katundu yense imatha kukoka cha m'ma 20 A. Ikokereni waya wakewake wa 4 mm² kuchokera pa bolodi ya ma breaker, ndi breaker yake ya 25 kapena 32 A. Magetsi olowa amapita pa awiri mwa mabawuti a R, S ndi T monga buku lake likusonyezera. Mota imapita pa U, V ndi W. Waya wa earth ufike pa VFD komanso pa thupi la mota.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimapha bokosi nthawi yomweyo. Choyamba ndi kuika magetsi a pa khoma pa U, V, W. Ma IGBT amaphulika musanachotse dzanja pa swichi. Chachiwiri ndi kusiya swichi kapena contactor yakale ya makinawo pakati pa VFD ndi mota. Mukaidula mota ikuyenda, maginito a m'mawaya ake amabweza mavolti aakulu. Mukailumikiza VFD ili kale pa 50 Hz, mota imafuna ma amp oyambira ochuluka ka 6 kapena ka 7 kuposa a nthawi zonse. Waya uchoke pa VFD n'kufika pa mota osadukiza. Maswichi akale a makina asamutsireni ku mabawuti ang'onoang'ono olamulira: FOR ndi DCM poyendetsa kutsogolo, REV ndi DCM pobwerera m'mbuyo. Amenewa ndi a mavolti ochepa ndipo sayenera kukhudzana ndi 230 V.

Musazolowere kuyatsa ndi kuzimitsa mota pogwiritsa ntchito breaker. Nthawi iliyonse magetsi akalowa, makapasita opanda kanthu amadzaza kudzera mu resistor yaing'ono, kenako relay imatseka, ndiko kaphokoso ka "tha" kamene mumamva. Resistor imeneyo imatentha pa kudzaza kulikonse, ndipo ikapanda kupatsidwa nthawi yozizira imaduka. Yatsani breaker m'mawa, masana onse gwiritsani ntchito RUN ndi STOP.

Mota ikazungulira chobwerera, zimitsani zonse n'kusinthanitsa mawaya awiri mwa U, V, W. Kusinthanitsa olowa sikusintha kanthu. Ndipo musagwire bawuti iliyonse mukangozimitsa. Makapasita amasunga mavolti oposa 300 kwa kanthawi nyali zitazima kale. Dikirani mphindi 10, kenako yezani ndi mita.

Manambala oyenera kuika

Apa ndi pamene Huanyang imatopetsa. Buku lake ndi Chingerezi chomasuliridwa movutikira, ndipo manambala oti muike, aliyense ndi dzina lake loyamba ndi PD, ndi oposa 100. Ofunika kwenikweni ndi ochepa. Yambani ndi PD013, ikani 8, kuti zonse zibwerere mmene zinachokera ku fakitale. Kenako PD005, frequency yapamwamba, ikani 50. PD004, frequency imene mota imalandira mavolti ake onse, 50. PD003, 50 kapena liwiro limene mukufuna kuyambira.

PD004 ndi PD005 muziyang'ane ndi maso anu, musangokhulupirira. Ma VFD ambiri a mtundu uwu amagulitsidwa limodzi ndi ma spindle, mota za makina oyendetsedwa ndi kompyuta (CNC) zothamanga pa 400 Hz, ndipo ena amafika ali ndi manambala amenewo. PD004 ikakhala 400, mota yanu pa 50 Hz ilandira mavolti osakwana 30 ndipo mwina singanyamuke n'komwe. PD005 ikakhala 400, bokosi lingayese kuthamangitsa mota ya ma pole 4 mpaka 12000 pa mphindi. Chuck ya lathe kapena mwala wonolera pa liwiro lotero ndi ngozi ya imfa.

Kenako lembanimo za pa kachikwangwani: PD141 mavolti a mota, PD142 ma amp ake a pa delta, PD143 ma pole, PD144 liwiro. PD142 ndi imene imateteza mota kuti isapse, poti overload yakale, imene inkateteza mota, mwaichotsa limodzi ndi contactor ija. Mukaisiya pa nambala yaikulu, mota ya 1.1 kW ingathe kuwotcheka bokosi lili phee, likuganiza kuti zonse zili bwino.

PD001 imanena kumene lamulo loyenda lichokere: 0 ndi mabatani a pa bokosi, 1 ndi maswichi akunja. PD002 imanena kumene liwiro lichokere: 0 mabatani, 1 kopotokola. Wofuna kopotokola pafupi ndi dzanja aike potentiometer ya 10 kΩ, waya wapakati pa VI, winawo pa ACM, wachitatu pa bawuti ya 10 V, ndipo asunthe ka jumper ka pa bolodi ya m'kati mwa VFD kuti kaloze ku VI. Asaiwale PD072, frequency imene kopotokolako kamapereka kakafika kumapeto. Nayonso ikhale 50.

PD014 ndi nthawi yonyamukira, PD015 yoimira. Masekondi 5 ponyamuka ndi 8 kapena 10 poima ndi poyambira pabwino pa lathe. PD011 ndi malire a pansi, ndipo ndi bwino kuika 15 kapena 20 Hz pa chifukwa chimene chikubwera.

Zimene zimavuta ikamagwira ntchito

Fani ya mota yamangidwa pa shafiti yake. Mota ikayenda pa 15 Hz, fani nayonso imayenda pang'onopang'ono, pamene ma amp ndi kutentha zili chimodzimodzi ngati katundu ndi wolemera. Kwa mphindi zochepa palibe vuto. Kwa maola, mota imapsa VFD isanaone cholakwika chilichonse. Ngati ntchito yanu imafuna liwiro lotsika nthawi zonse, sinthani pulley kapena giya kuti mota izikhala pakati pa 30 ndi 60 Hz, kapena mangani fani ina yoyendera magetsi akeake kumbuyo kwa mota. Malamba ndi ma pulley a makina musawataye poganiza kuti VFD yalowa m'malo mwake. Pulley imachepetsa liwiro ikuchulukitsa mphamvu yokoka. VFD imachepetsa liwiro koma yokokayo sikwera. Mota ya 2.2 kW pa 10 Hz ili ndi mphamvu yosakwana theka la kW imodzi, ndipo mudzazindikira zimenezi pobowola ndi nsonga ya 25 mm.

Bokosi likazima lokha limalemba chifukwa. OC ndi ma amp opitirira: ponyamuka ndiye kuti PD014 yafupika kwambiri kapena makina agwira, pakati pa ntchito yang'anani katundu, maberingi, kapena waya wosupuka. OU ndi mavolti okwera, ndipo kawirikawiri imabwera poima. Chitsulo cholemera chikamazungulira inu n'kulamula kuti chiime msanga, mota imasanduka jenereta n'kubweza magetsi m'makapasita, omwe alibe kowatayira poti ma diode salola kuti abwerere ku khoma. Talikitsani PD015. Njira ina ndi resistor ya buleki, koma apa chenjerani: mabokosi ambiri otchipa a mtundu uwu ali ndi mabawuti a resistor imeneyi pamene transistor yoiyendetsa sinaikidwe pa bolodi. Ngati mukufuna lathe yoima mu sekondi imodzi, funsani wogulitsa za chimenechi musanalipire.

LU ndi mavolti otsika, ndipo kumadera akumapeto kwa laini amene magetsi amafooka madzulo muzidzaiona. Si vuto la bokosi, koma waya woonda kapena wautali kuchokera pa bolodi ya ma breaker umawonjezera. Pa nkhani ya kuzima kwa magetsi, onetsetsani kuti makina sanyamuka okha magetsi akabwerera. Swichi ya FOR yongokhala chiyatsire ndi yoopsa pa macheka. Ikani mabatani a START ndi STOP oti akafuna kuyendanso makina munthu adine.

OH ndi kutentha. Ma VFD otere anapangidwira mpweya wosapitirira 40 °C, ndipo m'shedi ya malata ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala malirewo amadutsidwa mosavuta. Makapasita amafupika moyo ndi theka pa madigiri 10 aliwonse owonjezera. Kutalika kwa malo nakonso kumawerengedwa: opanga ma VFD ambiri amati kupitirira mamita 1000 muzichotsa pafupifupi 1% ya mphamvu pa mamita 100 aliwonse, poti mpweya wopepuka suziziritsa bwino. Ku Lilongwe kusiyanako n'kochepa kwambiri, ku Mzuzu ndi ku Dedza kumayamba kuoneka, chifukwa chinanso chosagulira bokosi longokwanira ndendende.

Mdani wamkulu ndi fumbi. Thupi lake ndi pulasitiki yokhala ndi mipata, ndipo fani yake imakoka chilichonse chili mu mpweya. Utuchi umatseka zitsulo zoziziritsira; phulusa la grinder limagwa pa bolodi n'kulumikiza malo osayenera kulumikizana. Liikeni m'kabati yachitsulo yotakasuka yokhala ndi sefa, musiye mpata wa masentimita 10 kapena kuposa pamwamba ndi pansi, ndipo muzipemerera ndi mpweya wouma magetsi atazima. Mphemvu ndi abuluzi amakondanso kufunda kwa m'katimo.

Breaker ya earth leakage ya 30 mA ikamagwa VFD ikangoyamba, nthawi zambiri si kuti pali waya wosupuka. Kutsegula ndi kutseka kwa ma IGBT kumadonthetsa timagetsi tochepa kupita ku earth kudzera m'waya wa mota. Fupikitsani wayayo ndipo tsitsani PD041, imene imalamulira kufulumira kwa kutsegulako. Mota idzalira kwambiri koma kudontha kudzachepa, bokosi n'kuzizirirako. Kudula waya wa earth kuti breaker isiye kugwa ndi kuika moyo wa munthu pachiswe. Mita wamba ikakusonyezani mavolti achilendo pa U, V, W musadabwe. Siwerenga bwino magetsi odulidwadulidwa. Werengani ma amp pa nkhope ya bokosilo.

Pa mapampu

Pampu ya centrifugal ndi fani ndi malo amene VFD imabweza ndalama zake pa bilu. Mukatsitsa kuchoka pa 50 kufika pa 40 Hz, madzi amachepa kufika pa 80%, koma magetsi amatsika kufika pafupifupi theka, poti 0.8 kuchulukitsa katatu ndi 0.51. Msampha wake uli pa kukwera kwa madzi. Pa 40 Hz pampu imakankha 64% ya kutalika kwake, pa 35 Hz 49% yokha. Pampu yokankha mamita 60 imene ikutumiza madzi mamita 40 m'mwamba, pa 40 Hz imafika mamita 38 basi. Madzi satuluka, amangozungulira m'pampumo n'kumatentha. Pezani frequency imene madzi amayamba kugwera m'thanki, wonjezeranipo 3 kapena 4 Hz, n'kuiika pa PD011. Pampu yomira m'chitsime ili ndi lamulo linanso: beringi yake ya pansi imayandama pa madzi ikafika liwiro, choncho opanga monga Franklin Electric amafuna kuti ifike 30 Hz mkati mwa sekondi imodzi. Kunyamuka pang'onopang'ono kumene kuli kwabwino pa lathe kumadya beringi imeneyi. Waya wopita pansi ukapitirira mamita 50, ikani reactor, koyilo yosalaza magetsi, potulukira pa VFD.

Poyerekeza ndi ena

Huanyang iyi imayendera V/f yokha, kuyendera limodzi kwa mavolti ndi frequency kuja. Siwerengera katundu mwanzeru monga amachitira ma VFD a mtundu wa sensorless vector, choncho pansi pa 10 Hz ndi yofooka ndipo liwiro limatsika chitsulo chikaluma. Ili ndi RS485, polumikizira kompyuta, koma kalankhulidwe kake si Modbus yeniyeni imene zida zina zimatsata, moti olemba LinuxCNC, pulogalamu yoyendetsera makina a CNC, anachita kuilembera pulogalamu yakeyake. Palinso mabokosi ofanana nayo maonekedwe amene manambala awo sayamba ndi PD. Mukapeza lotero, manambala ali pamwambawa sakugwira ntchito, tsatani buku lake. Huanyang ikapsa bolodi, nthawi zambiri kugula ina kumatchipa kuposa kukonza.

Pa makina amene akaima bizinesi yonse yaima, monga pampu ya munda wothirira kapena makina oyenda maola 10 tsiku lililonse, onjezerani ndalama mugule Delta, INVT, Danfoss, ABB kapena Schneider Altivar, zimene zili ndi mabuku omveka komanso ogulitsa odziwika ku Johannesburg. Pa lathe, makina obowolera kapena sander ya mmisiri amene mota yake ndi 230/400 V yosapitirira 1.5 kW, HY02D223B ikwanira, malinga ikhale m'kabati, pa waya wa 4 mm², ndipo PD004, PD005 ndi PD142 ziikidwe mota isanazungulire koyamba.